Ndine Ndinazimitsa Khadi la Lorna

Rockford, Illinois
13 Novembala 2016

Okondedwa achemwali anga Gwen,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu anga a Russell, komanso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Kuno kwayamba kuzizira, masamba ayoyoka onse, ndipo ine ndikungowayang'ana pabwalopo osawasesa. Mudabwa kulandira kalata ya pamanja kuchokera kwa munthu amene amakuimbirani foni Lamlungu lililonse. Masabata atatu apitawa mwakhala mukundifunsa kuti mawu anga atani, ine n'kumanamizira chimfine. Si chimfine ayi. Pali nkhani imene yandikhala pakhosi, ndipo pafoni ndikati ndiiyambe ndimapezeka ndikukufunsani za nyengo ya ku Alaska kwanuko.

Ntchito ndikadali nayo, za zimenezo mtima ukhale m'malo. Pa 20 Okutobala anachotsanso anthu, ulendo wachinayi m'zaka zitatu, ndipo ine ndapulumukanso. Amene sanapulumuke ndi Lorna.

Lorna Tackett mukumukumbukira, wamfupi uja wa tsitsi lofiira, amene analanda khitchini yonse pa maliro a amayi n'kukuthamangitsani inuyo, mwana woyamba, kuti mukakhale pansi. Takhala tikuyendera galimoto imodzi popita kuntchito kwa zaka khumi ndi chimodzi, sabata ino yanga, sabata yamawa yake. Mwamuna wanga Walt atamwalira, ndi iyeyo amene ankabwera m'mawa uliwonse kudzagogoda pawindo mpaka nditadzuka n'kuvala, chifukwa pandekha ndikanangodzigonera mpaka ntchito kutha. Inu munali kutali ndipo sindikukunenani, koma amene anandigwira dzanja nthawi imeneyo ndi Lorna.

Fakitale yathu ya mapampu si ija munaiona inu. Tinalipo anthu mazana asanu ndi limodzi, pano sitikukwana mazana atatu. Eni ake atsopanowa sitinawaonepo nkhope, timangomva kuti ali ku Dallas. Nthawi iliyonse akachotsa anthu amatisonkhanitsa n'kutiuza kuti basi kwatha, otsalafe tikhazike mtima pansi. Ulendo woyamba tinakhulupirira ndithu, mpaka ena anaomba m'manja. Pano abwana akamalankhula anthu amangoyang'ana nsapato zawo. Zithunzi za ana anthu anazichotsa kale pamadesiki kuti tsikulo likadzafika asadzachedwe kulongedza. Munthu akadwala amabwerabe, n'kumatsokomolera anzake tsiku lonse, kuopa kuti mpando wake ukaoneka wopanda munthu mabwana azolowera. Pakhomo lolowera pali kabokosi komwe timagunditsa khadi. Kakayaka kobiriwira chitseko chimatseguka, kakayaka kofiira ndiye kuti zako zada. Kugunditsako anthu anakutcha kuombeza. Umamva bambo wamkulu, wa zidzukulu, akuuza mnzake kuti tiye tikaombeze, akuseka ndithu, koma maso ali pa kabokosiko.

Ndiye pofuna kuti tisamaoneke okhumudwa, anakhazikitsa komiti yosangalatsa antchito, ndipo wapampando wake ndi mng'ono wanu yemweyu, amene munkamunena kuti amaseka kamodzi pachaka. Lachisanu lililonse ndimaitanitsa pitsa. Mwezi wa Juni tinagawa zipewa zolembedwa kuti “Ndife banja limodzi”, ndipo Curtis, wowotcherera zitsulo amene pakamwa pake sipatsekeka, anafunsa ngati banja lake ndi lija limathamangitsa ana ena chaka chilichonse. Anthu anaseka mobisa, zipewazo n'kuvala onse, chifukwa palibe ankafuna kuoneka wosayamika.

Koma pitsa si ntchito yanga yeniyeni. Ine ndimasamala za nyumba ya fakitaleyi: mababu, makiyi, sopo wa kuchimbudzi, makatoni, zinthu zimene munthu amazikumbukira zikasowa. Chaka chatha atachotsa mkulu wa alonda, kompyuta yoyendetsa makhadi a pakhomo aja anaipereka kwa ine. Anthu amaganiza kuti makhadi amazimitsidwira ku Dallas, ndipo ine sindinawawongolerepo. Dongosolo lake ndi lotere. Kukatsala masiku awiri, Mayi Brandt, amene amayang'anira za antchito, amandipatsa envelopu ya maina. Ine ndimalowetsa mainawo mu kompyuta kuti makhadi awo adzafe Lachinayi 10 koloko m'mawa, nthawi imene eni ake ali m'chipinda cha misonkhano kuuzidwa nkhaniyo. Ndimaitanitsanso katoni imodzi ya munthu aliyense, yoti alongedzeremo zake. Ndinasaina pepala lolonjeza kuti sindidzauza munthu. Ulendo wachitatu uja ndinachita zimenezi kwa nthawi yoyamba, chakudya chinandikanika masiku angapo, kenako ndinazolowera. Ambiri anali a ku mbali ina ya fakitale, anthu ongodziwana nawo nkhope.

Tsopano mvetserani za Lorna. Mwamuna wake Dewey ali ndi vuto la mtima, madokotala akuti amuchite opaleshoni mu Januwale, ndipo inshulansi ya kuchipatala ya onse awiri imadalira ntchito ya Lorna. Ataona mmene zinthu zikuyendera, mu Seputembala anafunsira ntchito yoyang'anira nyumba yosungira katundu ku ofesi ya masukulu a m'dera lino, ndipo anamutenga. Malipiro ake ndi otsika, komanso inshulansi yakumeneko ikanayamba pa 1 Januwale, kutanthauza kuti kwa miyezi iwiri Dewey akanakhala wopanda chomuteteza. Koma ndi ntchito yokhazikika, ndipo opaleshoni ikanamupeza ali pabwino. Kwathu kuno anali atagwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ku ofesi yotumiza katundu, ndipo akanakhala kuti samuchotsa, kukhala kunali kwanzeru. Anagwira njakata. Nkhani inali yomweyo m'galimoto m'mawa ndi madzulo. A kumasukulu anamupatsa mpaka Lachitatu masana, pa 19 Okutobala, kuti ayankhe.

Lachiwiri chakumasana Mayi Brandt anandiitana. Ndi mayi waulemu, sakweza mawu, pa desiki pake pamakhala mbale ya maswiti. Anandipatsa envelopu ija, n'kundikankhira mbaleyo kuti nditengeko.

“Odziwa mainawa m'nyumba muno tilipo atatu,” anatero. “Ine, abwana aakulu, ndi inu. Zikamveka kunjako sitivutika n'kufufuza, a Marlys. Ndikunena chifukwa ndimakukondani.”

Ndinakatsegulira envelopuyo m'chipinda chosungira zipangizo, chitseko nditakhoma. Maina anali makumi anayi ndi awiri. Achemwali, ndikuuzeni zoona, ndinayamba kufunafuna dzina langa, ngati kuti akanandipatsa ine mndandanda wokhala ndi dzina langa lomwe. Nditaona kuti Dahlquist palibe, ndinakhala pa chidebe cha penti n'kuthokoza Mulungu mokweza mawu. Kenako ndinatsika ndi chala pang'onopang'ono, ndipo chakumunsi kwa pepala lachiwiri ndinapeza Tackett, Lorna J. Ndinawerenga katatu, dzina lili lomwelo.

Sabata imeneyo yoyendetsa inali yake. Pobwerera kunyumba ndinanena kuti mutu ukundipweteka, ndinatsamira pawindo n'kutsinzina. Iye anatsitsa wailesi, n'kuyendetsa pang'onopang'ono pa mabampu kuti ndisagwedezeke. Ndinadziuza kuti ndimuuza mawa.

Lachitatu m'mawa titafika poimika magalimoto, anazimitsa injini koma sanatsike. Anandigwira pamkono.

“Marlys, tandiyang'ana. Iwe umazungulira maofesi onse ndi makiyi akowo. Wamvapo kanthu? Za anthu ena usandiuze, sindikuzifuna. Ungondiuza, ndipite kumasukulu kuja kapena ndikhale?”

Mukuona mmene anandiphweketsera? Sanandifunse za envelopu, saidziwa n'komwe. Ndikanangoti pita, mawu amodzi, palibe pepala limene ndikanaphwanya. Ndikanatha ngakhale kungokhala chete n'kumuyang'ana, akanamva, Lorna si mwana. Koma m'mutu mwanga munali mbale ya maswiti ija ndi mawu a Mayi Brandt, ndi zaka zanga makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndi funso loti nkhalamba yosintha mababu angailembe ntchito ndani.

“Ine sindinamvepo kanthu, mnzanga,” ndinatero. “Komanso iwe angakuchotse ndani? Popanda iwe katundu angatuluke bwanji muno?”

“Makatoni sunaitanitse?”

“Makatoni a chiyani? Ndaitanitsa pitsa basi.”

Anaseka, anapumira m'mwamba, n'kunena kuti tsopano mtima wake wakhala pansi, awaimbira a kumasukulu pa nthawi ya khofi. Makatoniwo anali m'njira, ndinali nditawauza obweretsa kuti adzatsitsire kukhomo la kumbuyo anthu ataweruka.

Chimene chimandidya kwambiri n'chakuti sikunali kupunthwa kwa kamphindi. Kuyambira pamenepo mpaka nthawi ya khofi, 10 koloko, panali maola awiri ndi theka. Ndinadutsa pakhomo pa ofesi yake kawiri, ulendo woyamba nditanyamula makwerero, wachiwiri chimanjamanja. Ndinkadziuza kuti Lorna akatula pansi ntchito kutatsala tsiku limodzi, Mayi Brandt adziwa kuti ndamutsina khutu ndine. Pano ndikaganiza, palibe akanadabwa. Theka la fakitale likufunafuna ntchito kwina, ndipo kalata ya a kumasukulu inali ndi deti la masabata awiri m'mbuyo. Mantha anga analibe ndi mutu womwe. Ulendo wachitatu ndinaima kuseri kwa mashelefu, n'kumumva ali pafoni akuwathokoza mwaulemu wake wonse, akuti waganiza zokhalabe pamene ali. Nditamva waika foni pansi ndinamva kupepukidwa, achemwali, chifukwa tsopano nthawi yoti ndichite kanthu inali itadutsa. Zimenezi sindinauzepo munthu, ngakhale popemphera ndimazilambalala.

Masana a tsiku lomwelo ndinalowetsa mainawo mu kompyuta. Pa dzina lililonse imafunsa ngati watsimikiza, ndipo pa dzina la Lorna inafunsanso chimodzimodzi. Ndinavomera.

Lachinayi anadzanditenga monga mwa masiku onse, atandibweretsera mabanzi amene anaphika. Pakhomo anagunditsa khadi, kanayaka kobiriwira, ananditembenukira n'kunditsinzinira diso. Ine ndinapita kukamata mapepala pa magalasi a chipinda cha misonkhano kuti odutsa asamaone mkati, n'kuika timabokosi ta mapepala opukutira misozi patebulo, chifukwa nayonso ndi ntchito yanga. Anthu atangoona mapepala aja fakitale yonse inangoti zii, kumangomveka makina okha. Anayamba kuwaitana asanuasanu. Lorna anali m'gulu lachisanu ndi chimodzi.

Potuluka, aliyense amadzera pa ine kudzalandira katoni yake, kenako mlonda amamuperekeza ku desiki mpaka kunja. Ena anandilanda katoni osandiyang'ana. Curtis, amene naye anali pa mndandanda, anandiuza kuti ndimuikiremo chipewa chija. Lorna atafika, nkhope ili yoyera ngati pepala, analandira katoniyo ndi manja awiri, n'kundisisita paphewa.

“Pepa, mnzanga,” anatero. “Akupatsa ntchito yoipa lero.”

Iyeyo kundipepesa ine. Ndinangotembenukira wotsatira.

Ndinaganiza kuti poweruka ndikwera basi. Koma nditatuluka hafu pasiti folo, ndinapeza galimoto yake itaima kunja kwa mpanda, chifukwa mkati samaloledwanso. Anali atapita kunyumba, kukauza Dewey, n'kubwereranso mtunda wonsewo kudzanditenga. Nditamufunsa kuti wavutikiranji, anangoti sabata ino ndi yake, ndikanayenda bwanji. M'njira anandiuza kuti anawaimbira a kumasukulu atangotuluka pachipata, koma ntchito ija anali ataipereka kale kwa munthu wachiwiri Lachitatu lomwelo masana. Sanalire. Ankangoti walakwa yekha, anakonda malipiro, mbalame inali kale m'manja waitaya. Ine ndinkangomvera katoni yake ikugwedera kumbuyoko.

Mawa lake linali Lachisanu, ndipo ndinaitanitsa pitsa. Ndinachepetsako, poti odya achepa, koma inatsalabe yambiri. Abwana aakulu anatiuza kuti basi kwatha, otsalafe ndife msana wa kampani. Sabata yotsatira anatigawira mapepala oti tichonge ngati tili osangalala pantchito, a tinkhope tomwetulira ndi tokwinya, ndipo aliyense anachonga komwetulira chifukwa palibe amakhulupirira kuti mapepalawo alibe maina. Ndinawasonkhanitsa ndine, n'kulemba lipoti loti anthu ali ndi chimwemwe.

Koma chimene chandichititsa kutenga cholembera chinachitika Loweruka la sabata yatha. Tili ndi mwambo wathu umene unayamba ulendo woyamba uja. Pakatha masabata awiri, ochotsedwa ndi otsala timakumana m'holo ya tchalitchi masana, aliyense ndi mbale yake ya chakudya, mabwana osaitanidwa. Timauzana kumene kukumveka ntchito, timatsanzikana bwinobwino, poti tsiku lija mlonda sapereka mpata. Ndinafuna kujomba, koma Lorna anati ndikapanda kupita anthu aziti otsalafe tayamba kunyada. Ndinaphika makaroni a tchizi aja a amayi n'kupita.

Tili mkati modya, Curtis anaimirira, foloko ili m'manja. Anati ali ndi funso kwa mayi a komiti. Anati wacheza ndi mmodzi wa alonda akale, ndipo wamva kuti makhadi sazimitsidwira ku Dallas ayi, amazimitsidwira pa desiki yanga, komanso kuti maina amabwera masiku awiri nkhwangwa isanagwe.

“Ndiye tatiuzani, mayi,” anatero. “Lachitatu lija mumatipatsa moni m'makhonde muja, munali mukudziwa kale amene mukuwapatsa komaliza? Ine Lachitatu lomwelo ndinagula matayala atsopano, oti ndizibwerera kuntchito m'nyengo yozizirayi.”

Holo yonse inatembenukira kwa ine. Kunena zoona mbali ina ya mtima wanga inati aulule basi, zithere pomwepa. Ndinatsegula pakamwa, koma Lorna anali ataimirira kale.

“Curtis, khala pansi, chakudya chako chikuzizira. Ine ndinamufunsa Marlys Lachitatu lomwelo, m'galimoto mwanga, maso ndi maso. Akanakhala kuti akudziwa, bwenzi pano ndili pantchito kumasukulu, opaleshoni ya Dewey ili ndi inshulansi yake. Mukuganiza kuti akanandisiya ndikane ntchito akuona? Mayi uyu ndamudziwa pa zabwino ndi pa maliro pomwe. Ngati ukufuna womulalatira, ndege za ku Dallas zilipo tsiku lililonse.”

Anthu ena anaseka, ena anavomereza. Onse ankadziwa za Dewey, ndipo umboni wa Lorna unatseka nkhani. Panatsala kuti ine ndinene kuti ayi, Curtis akunena zoona. M'malo mwake ndinayamba kulira. Ndinalira ngati mwana, mamina ali chuchuchu, ndipo iwo anayesa kuti ndikulira chifukwa chonamiziridwa. Azimayi anandizungulira, wina kundipatsa madzi, wina kumukalipira Curtis kuti alibe chisoni ndi mayi wamasiye. Potsiriza Curtis anabwera atavula chipewa, bambo wa ana atatu amene alibe ntchito, n'kunena kuti ndimukhululukire, mtima unangomupweteka, mlonda uja ayenera kuti anasokoneza. Ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti palibe kanthu. Ndinakhululukira munthu wonena zoona, achemwali, pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi.

Kuchokera tsiku limenelo manyazi andigwira moti sinditha kudziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Amayi anatilera kuti bodza ndi bodza, ndipo inu mukudziwa mmene ine ndinkanyadira kuti ndine wosapsatira mawu. Ndakhala ndikunena anthu zaka zonsezi, uyu ndi wamantha, uyu ndi wokonda mabwana. Ndinkadziyesa wolimba mtima chifukwa palibe anali atandiyesapo.

Lorna akufunafuna ntchito tsiku ndi tsiku. Inshulansi ya kuno ithera pa 31 Disembala, opaleshoni ili pa 11 Januwale, ndipo madokotala akuti siyoti n'kuizengereza. Wafunsira malo khumi ndi anayi, ayankha awiri, onse akuti aganyu, opanda inshulansi. Ine ndikuchita zimene ndingathe. Ndamulembera makalata, ndamuperekeza Dewey kuchipatala kawiri, ndafunsa kwa aliyense amene amatigulitsa katundu ngati akufuna munthu. Koma chilichonse chimene ndachita amandithokoza mpaka kugwetsa misozi, n'kumauza anthu kuti abwenzi ngati ine ndi osowa. Ndiye thandizo langali likungowonjezera bodza pamwamba pa bodza, ndipo sindikudziwanso ngati ndikumuthandiza iye kapena ndikudzigulira tulo.

Ndayesa katatu kumuuza. Ulendo woyamba ndinafika mpaka pakhomo pake, n'kupeza Dewey ali pampando akupuma movutikira, ndinangosiya supu n'kubwerera. Wachiwiri ndinayamba ndithu, ndinati Lorna, pali nkhani, iye n'kundidula kuti ngati ndi za Curtis ndiziiwale, wamukonza kale. Lachinayi lapitali ndinaimika galimoto pamsewu wawo, ndinakhala momwemo mphindi makumi awiri, n'kubwerera kunyumba osatsika. Ndikudziwa chimene ndikuopa. Za pepala ndinasaina lija sindikusamalanso, akafuna andichotse. Ndikuopa nkhope yake pamene adzazindikire kuti anaimirira pamaso pa anthu onse aja kuikira kumbuyo munthu amene anamugwetsa. Kumuuza sikubweza ntchito ija, ndipo mwina mudzati ndingomusiya ndi mtendere wake, ali ndi zambiri zomulemera. Ndaganizapo zimenezo, ndipo zimandikomera kwambiri, n'chifukwa chake sindikuzikhulupirira. Lorna akudziimba mlandu tsiku lililonse kuti anasankha molakwa, anaika moyo wa mwamuna wake pachiswe chifukwa cha dyera. Sanasankhe molakwa. Anafunsa munthu woyenera, pa nthawi yoyenera, ndipo munthuyo anamunamiza. Zimenezo ndi zake, ayenera kuzidziwa.

Wandiitana ku chakudya cha Tsiku Lothokoza, chikondwerero cha mabanja chija, pa 24 mwezi uno, monga amachitira chaka chilichonse chimwalirireni Walt. Sindingakhale patebulo pake, kugwirana naye manja popemphera, nkhaniyi ili m'mimba. Ndatsimikiza kuti ndimuuza lisanafike tsikulo. Koma mwaona nokha mmene kutsimikiza kwanga kumathera, ndiye ndili ndi pempho, ndipo musandikanire. Kalatayi musaiotche, musaiikenso m'Baibulo n'kuiiwala. Lamlungu la pa 27 ndikadzakuimbirani, mudzandifunse funso limodzi lokha, ngati ndamuuza. Ndikadzayamba za nyengo, kapena za chimfine, musadzakangane nane. Mudzaike mapepala onsewa mu envelopu ina n'kutumiza kwa Lorna mmene alilimu, osachotsapo kanthu. Adiresi yake ndalemba kuseri kwa pepala lomalizali. Inu simunandilekererepo chibadwire, ngakhale pamene ndinkafuna kuti mundilekerere, ndiye ndikudziwa kuti mudzachita.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti magolovesi aja anafika ndipo akundikwana. Moni kwa mwana wanu Ingrid ndi ana ake, ndi kwa Paul ngati amakumbukirabe kuti ali ndi amayi ake aang'ono. Musawawerengere kalatayi. Inuyo musamale bondolo, musamakwere makwerero muli nokha.

Dzulo ndinauza Lorna kuti ndikukulemberani, ndipo anandituma moni wambiri. Anati ndikuuzeni kuti mumupempherere Dewey pa 11 Januwale, komanso kuti musamade nkhawa za ine kuti ndili ndekha kuno, iye alipo, akundiyang'anira. Moniwo ndapereka monga anandituma.

Ndine mng'ono wanu,
Marlys